Manja a Mondher ndi Ulendo wa Dorsaf

Ku Hammam-Lif kuno palibe amene samudziwa Dorsaf wa kusitolo ya mankhwala pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ndi mayi wamfupi uja wa mapewa ngati wonyamula katundu padoko, amene ukamupatsa pepala la dokotala amaliwerenga kamodzi kokha, ngakhale litalembedwa ngati papalasa nkhuku, n'kukuuza oti umwe usanadye ndi oti umwe utadya, kenako n'kukukalipira chifukwa cha fodya. Ambiri sadziwa kumene anawatenga mapewa amenewo. Anawatenga kumatanthwe a ku Zaghouan. Kwa zaka zambiri, Lamlungu lililonse, anzake akupita kunyanja kapena kukadya kusukusu, chakudya chathu cha tirigu chija, kwa apongozi, iye ankakhala ali pakhoma la mwala, chingwe chili m'chiuno, mwamuna wake Mondher atachigwira pansi.

Masewera amenewa ndi a anthu awiri, ndipo amene sanawaonepo amaganiza kuti mwini ntchito ndi wokwerayo. Ayi ndithu. Wokwera amangosamala zala zake ndi mwala uli pamphuno pake. Ntchito ili ndi wapansi, amene amapereka chingwe pang'onopang'ono kudzera m'kachitsulo ka palamba wake, nkhope ili kumwamba mpaka khosi kuuma, ndipo mnzake akaterereka, dzanja lake liyenera kutseka chingwecho asanaphethire n'komwe. Ukafika pamwamba sutsika ndi miyendo yako. Umalowetsa chingwe m'mphete yachitsulo yokhomedwa m'thanthwe, n'kuusiya mwala, n'kukhala pamphepo ngati pali mpando, thupi lonse n'kulipereka kwa munthu ali pansi uja kuti akutsitse.

Dorsaf anabadwa wokwera. Bambo ake ankagulitsa nsomba kumsika, ndipo mayi ake anasasa mawu pomutsitsa m'mikuyu ndi pamipanda ya anthu. "Mwana wamkazi wanji iwe? Udzakwatiwa ndi mphaka!" Anakwatiwadi, osati ndi mphaka, koma ndi mphunzitsi wa jogalafe wamtali ngati mtengo wa magetsi, amene anakumana naye m'kagulu ka ophunzira okonda mapiri. Pokwera, Mondher sanali wopatsa kaso. Miyendo yaitali ija inkamusokoneza, komanso ankalongolola kwambiri ali pamwala. Koma pogwira chingwe panalibe wofanana naye. Iye ankamutcha mkazi wake kuti Nalimata, ndipo Dorsaf ankamubwezera kuti Si Mondher, mmene amamutchulira ana asukulu.

Ana sanakhale nawo. Wassila, mlongo wake wa Mondher amene amakhala m'nyumba ya pansi pawo, anagamula kalekale kuti vuto ndi lamba wokwerera uja. "Mkazi womangidwa m'chiuno sabata iliyonse ngati bulu wa ngolo, mwana angalowere pati?" Dorsaf ankangoseka, ngakhale kuti masiku ena kusekako kunkawawa.

Tsoka silinunkha. Linayambira pa chala chimodzi cha dzanja lamanja la Mondher, chomwe chinkangogwedezeka chokha iye akuwerenga nyuzipepala. Dokotala asanatchule dzina la matendawo, Dorsaf anali atawadziwa kale. Nanga si iye amene amagulitsa mankhwala ake kwa nkhalamba za m'tauni muno? Amaziona mmene zimabwerera chaka ndi chaka, poyamba zokha, kenako ndi ndodo, kenako kumangobwera mdzukulu. Ndipo dzanja lamanja ndi lomwe limatseka chingwe.

Dorsaf sanamuuze Mondher kuti wayamba kuopa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mkazi amene amauza anthu achilendo maso ndi maso kuti shuga iwapha akapanda kusiya makeke, analephera kuuza mwamuna wake kuti sangathenso kukhala pachingwe chake. M'malo mwake bondo linayamba kumupweteka Loweruka lililonse madzulo. Lamlungu lina kunkakhala ntchito, lina kutentha, lina galimoto yavuta. Mondher ankangovomera.

"Mankhwalawa akakhazikika tibwererako, Nalimata. Thanthwe silisamuka."

Chingwe chinakwezedwa pamwamba pa kabati, n'kuyamba kutola fumbi.

Koma thupi lozolowera mwala silimva zifukwa. Dorsaf ankangozindikira atalendewera ndi zala pamwamba pa chitseko cha chipinda chosungira mankhwala. Akakwera sitima yopita ku Tunis, maso ake ankakwera makoma a nyumba za m'mbali mwa njanji, kufunafuna poponda. Kupita ku Zaghouan ndi munthu wina kunali kosatheka. Okwera matanthwe m'dziko muno ndi owerengeka, onse amadziwana, ndipo dzuwa lisanalowe wina akanamuimbira Mondher kumufunsa kuti wasiyidwa bwanji kunyumba. Ndiye maganizo ake anathawira kunja kwa dziko.

Mwini sitolo atamuuza kuti atenge tchuthi chake nyengo yotentha isanafike, Dorsaf sanafune kufunsa mtima wake kawiri. Anasankha dziko la Jordan. Matanthwe ofiira a ku Wadi Rum, amene iye ndi Mondher ankawakamba chikwatiranireni. Ankakonza ulendowo nthawi ya nkhomaliro, dzanja lina lili ndi buledi wa nsomba ndi tsabola, lina lili pafoni. Anapeza munthu wa komweko, dzina lake Atallah, amene amatenga alendo kukakwera nawo, ndipo anagwirizana kuti masiku oyamba adzakhala pathanthwe, otsalawo Dorsaf adzapita yekha kukaona mzinda wakale wa Petra. Lamba ndi nsapato zokwerera anazichotsa m'kabati Mondher ali kusukulu, n'kukazibisa kuntchito m'katoni ya matewera a ana. Chingwe anachisiya pomwepo. Atallah ali nacho chake, komanso chingwe chikanasowa pamwamba pa kabati, ngakhale mwana akanaona.

Kunyumba ananena theka lokha. Anati watopa, akufuna akapume, akaone Petra. Ankadziwa kuti Mondher sangapite nawo, chifukwa mayeso a ana ake anali atayandikira. Ankayembekezera kuti mwina anyanyala, ndipo kunena zoona zikanamupepukira akananyanyala. Koma munthuyo anaomba m'manja.

"Petra! Iwe amene kumabwinja a ku Carthage, pakhomo pompano, unagona pabenchi ine ndili m'kati mofotokoza?"

"Anthu amasintha, Si Mondher."

"Amasinthadi. Khala pansi, kalasi yayamba."

Anayala mapu pathebulo, nawatsindira ndi makapu a tiyi, n'kumuphunzitsa sabata yonse. Akalowe m'mamawa mabasi a alendo asanafike. Podutsa mumpata wopapatiza uja asamangoyang'ana kumwamba ngati ena onse, akaone ngalande za madzi zimene anthu akale anasema m'mbali mwa khoma. Asakakwere bulu, abulu akumeneko ali ndi mavuto okwanira. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu ndi kaphukusi kochokera kusitolo ina ya mankhwala, osati ya Dorsaf, kuti amudzidzimutse. Munali kansalu kotamuka komangira pabondo.

"Kuli masitepe ambiri. Bondo lako lija usakalikakamize."

Dorsaf anathokoza, nakavala pomwepo kuti amuonetse kuti kakumukwana. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu munatentha.

"Chinanso," anatero Mondher, chala chake chikuvina pamapu. "Wadi Rum ali apa, pafupi pomwepo. Akakunyengerera a mabasi kuti tiyeni mukaone, ukakane."

"Chifukwa?"

"Kumeneko tidzapita awiri."

"Mulungu akalola," anatero Dorsaf, n'kuthamangira kukhitchini kukazimitsa moto umene sunali woyatsa.

Kuyambira tsiku limenelo ankadziona ngati wakuba m'nyumba mwake momwe. Kangapo konse anatenga foni kuti amuuze Atallah kuti zasintha. Koma nthawi zonse ankapeza kuti munthuyo watumiza chithunzi china: mng'alu wautali wokwera molunjika pathanthwe lofiira, mwamba muli thambo lokhalokha. Mtima unkadumpha ngati wa mwana, zala n'kuyamba kutuluka thukuta. Chisangalalo chimenecho ndi chomwe chinkamuchititsa manyazi kuposa bodza lija. Bodza akanatha kulitcha chifundo, koma chisangalalocho analibe nacho dzina labwino.

Ndiye anayamba kulipira mlanduwo ndi ntchito. Anaphika ndiwo zodzaza firiji. Anasita malaya onse a Mondher, ngakhale amene sanawavalepo chimwalirireni bambo ake. Mabatani ang'onoang'ono amene ankamuvuta kumanga anawachotsa n'kusokerapo akuluakulu. Mapiritsi anawaika m'timabokosi, kalikonse ndi tsiku lake, n'kutsikira kwa Wassila kukamulangiza nthawi yomwera.

"Iwe mlamu," anatero Wassila, manja ali m'chiuno, "ukupita ku Jordan kapena kumanda? Mlongo wangayu ndinamulera ndine iwe usanamudziwe. Pita ukaone miyala yakoyo, undibweretsere matope aja opaka kumaso, basi."

Chimene chinamugwiritsa sichinali foni kapena sutikesi. Zinali zikhadabo. Wokwera aliyense, ulendo wa kuthanthwe ukayandikira, amawenga zikhadabo mpaka pamnofu, chifukwa chikhadabo chachitali chimakodwa m'mwala n'kung'ambika. Amachita osaganiza n'komwe, mmene munthu amavulira nsapato pakhomo la mzikiti. Chisiyireni kukwera, zikhadabo za Dorsaf zinali zitakula, ndipo Wassila ankazipaka utoto monyadira, amvekere mlamu wake wasanduka mkazi tsopano. Loweruka masana, m'sitolo mulibe ogula, Dorsaf maso ali pachithunzi cha mng'alu uja, anatenga chowengera n'kuziwenga zonse.

Mawa lake, Lamlungu, tsiku lomaliza asananyamuke, anakadya nkhomaliro kwa Wassila. Kunali kusukusu wa nsomba. Ali m'kati mwa kudya, Wassila anatulutsa kabotolo ka utoto wofiira n'kukaika pathebulo.

"Tikatha kudya undipatse manja amenewo. Usakatichititse manyazi kwa eni ake, azikati akazi a ku Tunisia sadzisamala. Taonetsa kaye. Iii! Wakudya zala ndani?"

"Zimandisokoneza pantchito."

"Ntchito iti? Chaka chonsechi wakhala ukuwerenga nazo mapiritsi bwinobwino. Mondher, taona mkazi wako! Anthu popita kuulendo amadzikongoletsa, uyu wadziwenga ngati mwana wa sukulu woopa ahedi."

Mondher anayang'ana. Sanayang'ane nthawi yaitali. Supuni imene inali m'dzanja lake inayamba kugogoda mbale, ndipo anaiika pansi.

"Musiye, Wassila. Zili bwino choncho. Tandipatsira tsabolayo."

Anamaliza mbale yake yonse, nayamikira nsomba, nafunsa za mwana wa Wassila wa ku Sfax.

Atakwera kunyumba kwawo, Mondher sanafikire kukhala pansi. Anapita kuchipinda, natambasula mkono wautali uja n'kutsitsa chingwe pamwamba pa kabati. Anachikutumula fumbi, nakhala pansi pabalaza, n'kuyamba kuchidutsitsa m'zala kuchokera kunsonga, pang'onopang'ono, kumvetsera ngati pali pofewa kapena podyeka, monga ankachitira nthawi zonse asanapite kuphiri. Dorsaf anaima pakhomo, kusowa poika manja.

"Wadi Rum?" anafunsa Mondher, maso ali pachingwe.

"Inde."

"Akakugwirira ndani?"

"Dzina lake Atallah. Ndi wa komweko. Anthu amamuyamikira."

"Anthu." Chingwe chinapitiriza kuyenda. "Nanga bondo?"

"Lilibe kanthu."

"Ndimaona. Sabata ina unkatsimphina mwendo wamanzere, ina wamanja. Mwana wa m'kalasi mwanga atanama choncho ndingamuchotsere malikisi."

"Ndiye kansalu kaja unagulira chiyani?"

"Ndinkafuna likhale bondo. Kapena ukhale kuti watopa nayo miyala. Chilichonse, bola asakhale manja angawa."

Apa Dorsaf analephera kudzigwira. Anagwada pambali pake, misozi ili chuchuchu. "Undikhululukire, Mondher. Ndachita zoipa. Sindipita, ndimuimbira pompano."

"Upita. Ndipo ukamuuze Atallah wakoyo zinthu izi, chifukwa iwe wekha sungaziganizire. Ukamuuze kuti iwe ukamaopa sukuwa ngati anthu ena. Bola ukutukwana mwala, zonse zili bwino, koma akangomva kuti wati zii, akonzeke. Ukamuuze kuti asamakulimbikitse, zoti 'tiye, watsala pang'ono' zimakupsetsa mtima. Ndipo asamakoke chingwe kwambiri, umadana nazo zokokedwa ngati mbuzi."

Dorsaf ankangogwedeza mutu. Akanamukalipira akanapeza poyankha, koma izi zinkamupweteka kuposa kukalipa.

Chingwe chitafika kunsonga inayo, Mondher anachifumbata ndi dzanja lamanja n'kulikweza kuti mkazi wake alione.

"Taona. Likakhala chabe limavina, koma likagwira chinthu mwamphamvu limaima. Ukudziwa iwe, si ndiwe wa mankhwala?"

Zinali zoona. Dzanjalo linali phee. Dorsaf ankadziwanso kuti matendawa sathera pa kunjenjemera, amachedwetsa dzanja pa nthawi imene likufunika kufulumira, koma zimenezo sanazitulutse.

"Ndikupempha chinthu chimodzi, Nalimata. Usanakakhale pachingwe cha mlendo, ukhale pa changa kamodzi. Tiye padenga. Khoma la kachipinda ka thanki lija, kutalika kwake anthu awiri okha. Ngakhale nditakutaya, chothyoka ndi ulemu basi. Lamba wabisa kuti?"

"Pansi pa sutikesi, m'kati mwa thaulo. Ndinabwera naye dzulo kuchokera kuntchito."

"Wakuba wosadziwa kuba. Katenge."

Padenga panali dzuwa la masana ndi zovala za anthu zili payaniko. Mphete yachitsulo imene Mondher anakhoma kalekale pamwamba pa kachipinda ka thanki, pophunzitsira ana a m'kagulu kawo, inali ikadalipo. Dorsaf anavala lamba, namanga mfundo yake. Monga mwa mwambo wa okwera, aliyense anayang'ana za mnzake: Mondher anakoka mfundo ya Dorsaf kuona ngati yalimba, Dorsaf naye anagwira kachitsulo ka Mondher kuona ngati chingwe chalowa bwino. Kenako anakwera makwerero a m'mbali, nalowetsa chingwe m'mphete, n'kuima m'mphepete chafutambuyo, zidendene zili pamphepo.

Ankafunadi. Zimenezo tisamunamizire. Anadziuza kuti uyu ndi munthu amene anamugwira pa matanthwe otalika kuposa nsanja ya mzikiti, amene sanamutayepo ngakhale kamodzi. Anadziuza kuti pansi ndi pafupi, ndipo mwamuna wake sanapemphepo chinthu chachikulu chotere. Analumbira mumtima kuti amupatsa thupi lonse.

"Ndakugwira, Nalimata. Khala."

Anaweramira kumbuyo, chingwe chinakungika, ndipo pomwepo dzanja lake lamanzere linapita lokha n'kugwira paipi ya madzi yotsika m'mbali mwa khomalo. Zala za kumapazi zinapeza zokha timipata ta pakati pa njerwa. Anayesa kuliuza dzanjalo kuti litaye, koma silinamve. Anatsika choncho, chingwe chili chokungika ngati cha munthu amene akutsitsidwa, koma thupi lili papaipi ndi pazala, akupemphera kuti Mondher akhale akuyang'ana manja ake okha.

Mapazi anagunda pansi. Mondher analekerera chingwe, n'kuyamba kuchichotsa m'kachitsulo mosafulumira.

"Waona? Dzanja silinagwedezeke."

"Silinagwedezeke," anavomera Dorsaf.

Anamasula mfundo, Mondher nakoka chingwe kuchokera m'mphete mpaka chinagwa pasimenti. Anayamba kuchikulunga paphewa, dzanja lija litayambanso kuvina. Munthu ameneyu ankadziwa kulemera kwa mkazi wake pachingwe kuposa sikelo ya kusitolo ya mankhwala.

"Wapepuka, Dorsaf," anatero osamuyang'ana. "Wapepuka kwambiri. Ukadye bwino kumeneko."

Dorsaf anatsegula pakamwa kuti anene kuti tiyesenso. Koma ankadziwa kuti akakweranso, dzanja lake lamanzere lija ligwiranso paipi, ndipo Mondher azimvanso pachingwe. Anangolifumbata, lili lofiira ndi dzimbiri la paipi, n'kutsatira mwamuna wake kutsika masitepe kukatseka sutikesi.